Mpando Wokumbukira Miyendo ya Mwini Wake

1

Dzina langa ndine Royce Pickard, ndipo ngati munamwapo madzi a pachitsime kum'mawa kwa Oklahoma, n'kutheka kuti chitsimecho ndinakumba ndine. Ndinayamba ndi lole imodzi yopanda chitseko. Kuchokera apo ndaboola nthaka ku Alaska ndevu zitauma ndi chisanu, ku Kuwait nsapato zikusungunuka kumapazi, ku Venezuela, ku Nigeria, ndi kwina kumene sinditha kukutchula bwino. Ndadya ngamila, ndadya njoka, ndadyanso zina zimene eni ake anakana kundiuza dzina. Ndikunena zonsezi kuti mudziwe kuti amene anachita zopusa muwerengezi sanali munthu wamba. Anali katswiri.

Bambo anga anandisiyira zinthu ziwiri: mkwiyo wawo ndi galimoto yawo, Dodge Charger ya 1968. Msinkhu sanandisiyire. Iwo anali chimunthu chowerama polowa pakhomo, koma ine ndinatengera amayi, moti pa chithunzi cha ukwati wathu ndinaima pa njerwa. Galimotoyo inakhala m'nyumba yosungira udzu wa ng'ombe zaka zambirimbiri, mbewa zikuswana m'mipando, injini itauma ngati mwala.

Amene ankaikonda kuposa ine anali mwana wathu mmodzi yekhayo, Wendell. Tsiku lina tikuotcha nthiti za nkhumba kuseri kwa nyumba ndi anzanga okonda galimoto zakale, iye anati tisavutike kusaka zitsulo zimene zinasiya kupangidwa. Anati tigule galimoto yamakono yochita ngozi, tichotsemo injini, giya, mawaya ndi kompyuta yake, tiike zonsezo m'thupi la galimoto ya agogo ake. Anzanga anaseka. Ine, pofuna kuti kuseka kwanga kupose kwa onse, ndinati munthu woika kompyuta m'galimoto ya agogo ake angathenso kuwaikira wailesi m'bokosi la maliro, ndipo kuti wotereyo si mwana wanga. Chibwenzi chake chinali pomwepo, mbale ili m'manja.

Wendell anaika mbale yake patebulo n'kuchoka. Sanabwerenso. Ndinalamula kuti dzina lake lisamveke m'nyumba mwanga mpaka adzapepese. Mkazi wanga Marva akangoyamba kuti, "Royce, mwana uja," ine ndinkayatsa makina opopera mpweya a m'garaja, amene amalira ngati ndege ikunyamuka.

Patapita zaka zingapo, ndili m'ndege kuchokera ku Guyana kumene ndinakhalako miyezi yambiri pantchito, inandibwerera nzeru yodabwitsa. Bwanji ndigule galimoto yamakono yochita ngozi, ndichotsemo injini, giya, mawaya ndi kompyuta, ndiike m'Charger ya bambo? Ndinadziyamikira ndekha mpaka ndege inatera.

2

Nzeru ya Royce Pickard sikhala m'mutu nthawi yaitali. Ndinauza ometa tsitsi, ndinauza a pafilingisiteshoni, ndinauza mpingo wonse pakhomo la tchalitchi. Sipanapite nthawi, Odell Tackett, mwini bwalo la galimoto zakufa kunja kwa tauni, anandiimbira kuti ndipite ndikaone kanthu.

Inali Charger yamakono, yakuda, mdzukulu weniweni wa yanga ija. Inagubuduzika kuchoka mumsewu ndipo denga linaphwanyika kutsika pafupifupi kufika pachiwongolero, koma kutsogolo kunali kosakhudzidwa. Titatsegula boneti, injini yake ya masilinda asanu ndi atatu inali yoyera ngati mbale ya mlendo. Ife okonda ntchitoyi galimoto yotere timati yopereka ziwalo, monga munthu amene wasiyira mnzake impso.

Ndinafunsa kuti inali ya ndani. Odell analavula fodya wake wotafuna, n'kunena kuti akundigulitsa zitsulo, osati mbiri, ndipo mapepala palibe chifukwa galimotoyo sidzayendanso pamsewu. Ine sindinavutike nazo.

Tsiku limene anadzaitsitsa kwathu, Marva analowa m'garaja atanyamula tambula ya tiyi wozizira. Ataiona anaima chilili, ayezi akugogoda m'tambulamo.

"Taonani, Marva," ndinatero ndikumenya boneti ndi dzanja. "Chitsiru chimene chinkayendetsa ichi chandikomera mtima. Chaphwanya zonse zosafunika n'kundisungira injini. Ndikadzachiona ndidzachigulira mowa, ngati chikadali ndi pakamwa pomwera."

Marva anaika tambula pansi. Anayandikira, anagwira denga lophwanyikalo ndi chikhatho chonse, kenako anatuluka. Ine ndinaganiza kuti masomphenya anga amukhudza mtima.

Ntchito inanditengera nyengo yonse yachisanu. Ndinadula pansi pa galimoto yakale kuti giya yatsopano ikwane, ndinawotcherera mogonera injini, ndinasintha mabuleki ndi thanki ya petulo. Koma injini yamakono ili ngati mkwatibwi wa pabanja lalikulu: ukamutenga, umatenganso abale ake onse. Kompyuta yake inakana kuliza injini mpaka itamva kuti kiyi wake alipo, mawotchi a kutsogolo osonyeza liwiro ndi mafuta alipo, wailesi yake ilipo. Ndiye ndinasamutsa zonse, mtolo wa mawaya wonga matumbo a ng'ombe, wailesi ya kasikirini, mpaka mipando yachikopa ija yoyenda yokha ndi magetsi. Kunja ndinaipenta mtundu wobiriwira wa masiku a bambo.

Nthawi yonseyi Marva sankalowanso m'garaja. Lachitatu lililonse ankapita ku Tulsa, ati kukasoka zofunda ndi amayi anzake a mpingo. Ankabwerako madzulo atatopa, maso ali ofiira. Chofunda sindinachionepo n'chimodzi chomwe, koma munthu wotanganidwa ndi zazikulu sawerenga zofunda.

3

M'mawa wina mitengo itayamba kuphuka, ndinaliza injini. Mawindo a kukhitchini ananjenjemera, galu wa aneba anathawira pansi pa khonde, ine ndinavina ndekha ndi sipanala m'manja. Ndinaitana Marva kuti tikayese msewu. Anakana kawiri, kachitatu anabwera.

Anakhala kumpando wa wokwera, monga mwa nthawi zonse. Galimoto yanga sayendetsa munthu wina. Marva ndi dalaivala wabwino, ali ndi kagalimoto kake kopitira kumsika, koma chikwatiraneni chiwongolero changa anali asanachigwirepo.

Atangotseka chitseko, wailesi inalira kuti ting'. Pa kasikirini panatuluka mawu akuti foni ya Marva yalumikizidwa, ndipo nyimbo ya m'foni mwake inayamba kuimba m'masipika.

Tinayang'anana. Iye anapisa dzanja m'chikwama, anazimitsa foni, n'kunena kuti zipangizo zamasiku ano n'zamisala. Kenako anati mutu ukumuwawa, anatsika.

Ine ndayenda, abale. Ndimadziwa kuti foni silumikizana yokha ndi wailesi imene sinakumanepo nayo. Foni ya mkazi wanga inkaidziwa galimoto ya munthu wosadziwika uja, ndipo inaipatsa moni ngati mnzake wakalekale.

Nditatsala ndekha, ndinakumbukira mabatani awiri a m'mbali mwa mpando wa dalaivala, amene ndinali ndisanawayese. Mipando imeneyi imasunga kakhalidwe ka anthu awiri, kuti aliyense akadina batani lake mpando upite pamalo pake. Ndinadina loyamba. Mpando unanditenga pang'onopang'ono kubwerera m'mbuyo, kubwerera, kubwererabe, mpaka mapazi anga anali kulendewera kutali ndi mapedulo ngati mwana pabenchi la tchalitchi. Mwini galimotoyo anali mwamuna wamiyendo yaitali.

Ndinadina lachiwiri. Mpando unapita kutsogolo, unakwera m'mwamba, msana wake unawongoka kuti njo. Kakhalidwe kameneko ndimakadziwa, chifukwa ndimakatukwana nthawi zonse ndikalowa m'kagalimoto ka Marva.

Ndiye kuti sanangokweramo. Ankaiyendetsa. Mwamuna wina wamtali anamupatsa mkazi wanga chiwongolero, n'kumusungira malo akeake. Pa zonse zimene ndinaganiza kuti ankachita ku Tulsa Lachitatu, ichi ndicho chinandibaya kwambiri.

Ndinathamangira kwa Odell, ndinamuopseza, ndinamunyengerera, ndinamukumbutsa chitsime chimene ndinamukumbira. Iye anangoti, "Royce, iwe, pita kunyumba ukamufunse mkazi wako ngati munthu."

Koma munthu amene anakambiranapo ndi akuluakulu a asilikali m'mayiko atatu safunsa. Amafufuza.

4

Chionetsero cha galimoto zakale cha pabwalo la tchalitchi chathu chinali Loweruka lotsatira. Aliyense anaimika yake pa kapinga, boneti ili yasa, mwini wake atakhala pampando wopinda kumbuyo kwake. Lamulo la patsikuli ngakhale khanda limalidziwa: galimoto ya mnzako umaiona ndi maso, manja uli utapinda kumbuyo. Ena amayandikira atavula lamba kuti chitsulo chake chisakande penti.

Ine ndinatsegula chitseko changa, ndinadina batani loyamba, n'kuyamba kuitana amuna aatali kuti alowe akhale.

Anthu anadabwa. Wina anafunsa Marva ngati madokotala andiuza kuti ndatsala pang'ono kufa. Ndinalowetsa dokotala wa mano, mapazi ake anaperewera pang'ono. Ndinalowetsa wogulitsa matayala, mimba inamupanikiza pachiwongolero. Ndinalowetsa wapolisi wa m'dera lathu, koma mawondo ake anagunda pansi pa mawotchi. Amuna aafupi amene ankapempha nawo ndinkawabweza, ndipo mmodzi mpaka lero sandipatsa moni.

Kenako ndinaona abusa athu atsopano, a Alton Beasley, ataima patebulo la makeke akuseka ndi Marva. Anali amasiye, aatali ngati mzati wa magetsi, ndipo ndinakumbukira kuti pa ulaliki wina ananenapo zoti chaka chatha anataya galimoto imene ankaikonda.

Ndinawaitana mokoma. Anakana mwaulemu, ndinawakoka dzanja. Atakhala, mapazi awo anagwera pa mapedulo ndendende, manja anafika pachiwongolero osatambasula.

"Ambuye adalitsike," anatero akumwetulira. "Ngati anachita kundiyeza."

Masana anthu anavota, ndipo chikho cha galimoto yokondedwa ndi onse chinagwera ine. Abusa omwewo ndiwo anandipatsa, pamodzi ndi maikolofoni kuti ndithokoze. Kumupatsa Royce Pickard maikolofoni n'kulakwa kale, ngakhale tsiku labwino.

Ndinathokoza malemu bambo anga. Ndinathokoza nzeru zanga. Kenako ndinati ndikufuna kuthokoza mwapadera mwini wakale wa injini iyi, amene ali pakati pathu, amene Lamlungu amatiphunzitsa malamulo khumi koma Lachitatu amatsala ndi asanu ndi anayi. Ndinafotokoza za foni, za mabatani, za zofunda zosaoneka. Ndinawaloza ndi chikho.

Pabwalo panati zii. Mumamveka mafuta a nyama akudontha pamakala. Kenako abusa anati galimoto imene anataya inali kabasi ka mpingo wawo wakale, ndipo kanafa ndi ukalamba.

Marva anabwera akupukuta manja pa epuloni. Sanathamange. Anandilanda maikolofoni m'manja, anaizimitsa, anaipereka kwa abusa. Koma pabwalopo panali chete moti kuzimitsako sikunathandize.

"Miyendo mukuisakayo, Royce, ndi ya bambo anu," anatero. "Inakudumphani inu, inapita kwa mwana wanu. Galimotoyo inali ya Wendell."

Ndinafuna kulankhula. Marva sanandipatse mpata.

Anandiuza zonse ndi mawu otsika. Ngozi inachitika ine ndili ku Guyana, mvula ikugwa, Wendell akupewa gwape. Anamutulutsa m'galimotomo podula denga. Mwendo wina uli ndi zitsulo mkati, ndipo Lachitatu lililonse Marva ankamutengera kuchipatala kukaphunziranso kuyenda. Nditabwera anayesa kundiuza, osati kamodzi, koma nthawi zonse ankapezeka akulankhula ndi makina opopera mpweya. Wendell atamva za nzeru yanga yodabwitsa ija, anaseka mpaka nthiti zinamuwawa, n'kuuza Odell kuti agule galimotoyo kwa a inshuwalansi aigulitse kwa ine. Anawalumbiritsa onse awiri kuti asandiuze, chifukwa ndikadziwa kuti ndi yake ndiikana.

"Chitsiru chija munkafuna kuchigulira mowa," anatero Marva, "ndinachibereka ndine. Pakamwa chili napo. Chimakufunsani mlungu uliwonse."

Ndinafunsa funso limodzi lokha, lopusa kuposa onse amene akanafunsidwa pamalopo. Ndinati nanga batani lachiwiri?

"Tsiku limene anaigula anandipatsa kiyi. Anati, Amayi, yendetsani. Basi."

Anavula epuloni, anaipinda, n'kunena kuti akupita ku Tulsa kwa mwana wake, ndipo sakudziwa ngati abwerera.

5

Ndinamuona akuyenda kulowera ku kagalimoto kake, anthu akumupatukira. Ndinadziwa kuti akangotseka chitseko chimenecho, banja langa latha, ndipo nditsala ndi chikho ndi injini.

Ndinamuthamangira. Munthu wamfupi wonenepa akuthamanga pa kapinga ndi chikho m'manja si chinthu cholemekezeka, ndipo pali amene anajambula. Ndinamupeza asanalowemo. Mawu onse amene ndinagulitsira zitsime m'mayiko a eni anandithawa. Ndinangotulutsa kiyi wa Charger n'kumutambasulira.

Anayang'ana kiyiyo nthawi yaitali.

"Kwawoko sindikudziwa," ndinatero. "Mwana wanga sindidziwa kumene amakhala."

Anatenga. Tinabwerera ku galimoto, mpingo wonse ukutiyang'ana. Iye analowa kwa dalaivala, anadina batani lachiwiri osayang'ana n'komwe pamene lili, mpando unamulandira. Ine ndinazungulira n'kukhala kwa wokwera, chikho chili pamiyendo.

Za ulendowo ndinena izi zokha: mkazi amene ndinakhala naye zaka zonsezi ndikuganiza kuti amaopa liwiro, anandisonyeza kuti injini ija ndinali ndisanaimve. Ndinagwira chitseko ndi manja awiri. Sanandilankhule mpaka ku Tulsa.

Wendell anali pakhonde la kanyumba ka njerwa, ndodo yachitsulo ili pambali. Anali atawonda. Mtsikana uja wa mbale m'manja anatuluka, mphete ili pachala, ndipo ndinazindikira kuti panachitikanso ukwati umene makina anga opopera mpweya anaumeza. Anandipatsa moni waulemu umene sunandiyenere.

Mwana wanga anatsika masitepe pang'onopang'ono. Sanandiyang'ane. Anazungulira galimoto akutsimphina, anasisita penti ndi dzanja, ine osanena kanthu za lamulo losagwira. Anatsegula boneti, anaweramira mkati, anatsatira mawaya ndi chala mpaka pa kabokosi kamene ndinakabisa kuseri kuti anzanga asakaone.

"Mwaikamo kompyuta, Bambo," anatero.

Ndinayamba kuti nzeruyi inandibwerera ndili m'ndege. Marva anatsokomola.

"Nzeruyi inali yako," ndinatero. "Unali wolondola tsiku lija, ine ndinali chitsiru, ndipo lero ndakwezedwa paudindo wa uchitsiruwo. Funsa amayi ako."

Wendell anati wamva kale. Anthu atatu anali atamutumizira kanema wa zimene ndinachita kutchalitchi.

Anaseka, ine ndinaseka, kenako kusekako kunasanduka china chimene sindilemba m'magazini muno. Titapukuta kumaso, anapempha kukhalamo. Ndinamugwirira ndodo. Analowetsa mwendo wazitsulowo ndi manja, anapapasa m'mbali mwa mpando, anadina batani loyamba. Mpando unabwerera m'mbuyo, kubwerera, kubwererabe, n'kuima. Mapazi ake anagwera pa mapedulo. Ndinaona bambo anga atakhala m'galimoto yawo.

6

Owerenga anga, musaganize kuti zinathera pakhondepo. Marva anakhalabe ku Tulsa mpaka chilimwe chinatha, ine ndikudya nyemba za m'chitini ndi kumuimbira foni ngati mnyamata wofunsira. Lamlungu lotsatira ndinaima kutsogolo kwa mpingo kupepesa abusa, ndipo iwo anandikhululukira msanga kwambiri moti zinandipweteka kuposa akanandimenya. Ku malo ometera tsitsi, mwamuna wamtali akalowa, onse amakuwa kuti abise miyendo, Royce ali pano. Makina opopera mpweya ndinapatsa Odell.

Ine amene ndimadziwa kumva madzi ali pansi pa thanthwe, sindinamve zimene mkazi wanga ankayesa kundiuza ataima pambali panga. Ndinakhulupirira wailesi ndi mpando, ndinayeza miyendo ya tauni yonse, koma sindinamufunse funso limodzi munthu amene ndimadya naye patebulo limodzi. Ngati m'nyumba mwanu muli dzina limene munaliletsa, dziwani kuti mwini dzinalo akupitiriza kukhala ndi moyo: akukwatira, akugwa, akudzuka, inu nokha ndi amene simukudziwa. Ndipo wina akayamba kuti "mwana uja," zimitsani chilichonse chimene chikulira.

Charger ya bambo imayenda Loweruka lililonse. Wendell anayambiranso kuyendetsa, ndipo akatopa mwendo amasinthana ndi amayi ake. Anandifunsa ngati ndikufuna tifufute batani limodzi kuti tisungepo kakhalidwe kanga. Ndinakana. Mpando uja umakumbukira anthu awiri okha, ndipo ine amene ndinaumanga ndi manja angawa sindili mmodzi wa iwo. Ndimakhala kwa wokwera, nditagwira chitseko, ndikuwauza za ku Kuwait mpaka mmodzi wa iwo atakweza wailesi.